Kalole Kokana Kufa

Bang Sangdo anabadwira m'mudzi wa asodzi umene lero kulibe. Pamene panali nyumba ya bambo ake pali bwalo la simenti loimikapo magalimoto atsopano zikwizikwi, odikira sitima zowatengera kunja. Atabwerako ku usilikali mu 1980 sanataye nthawi kuganiza za ntchito. Mumzinda umenewo mwamuna aliyense wamiyendo iwiri ankalowa pageti la fakitale ya magalimoto, ndipo amene sanalowe ankaphikira olowawo, kuwameta, kapena kuwaika m'manda.

Anamuika pa zitseko. Galimoto ikamabwera palamba woyenda wa m'fakitalemo, yopanda kanthu ngati chigoba cha nkhanu, iye ndi mnzake Gwak Duman ankanyamula chitseko, kuchikoleka, kumanga mabawuti, ina yafika kale. Kufuna kukanda pamphuno unkachita kuba nthawi.

Magalimoto a masiku amenewo anali otchipa ndipo ankagulidwa kwambiri, koma mbiri yake kunja inali yonunkha. Tsiku lina m'mawa kapitawo anaimitsa lamba, chinthu chimene sichinkachitika ngakhale munthu akomoke, n'kuwasonkhanitsa onse. M'manja anali ndi envulopu yochokera kutsidya kwa nyanja. Anaipendeketsa, chogwirira chitseko n'kugwera pasimenti kuti ngwee.

"Mwini wake walemba kuti chogwirira watibwezera, ife timutumizire galimoto tikaphunzira kupanga," anatero kapitawoyo. "Sekanitu. Simukuseka bwanji? Kunjako akuseka."

"Si chathu icho, n'cha a shifiti inayo," Duman ananong'ona.

Sangdo anayang'ana kachitsuloko nkhope ikutentha ngati amuvula pamsika. Kuyambira tsiku limenelo chitseko chilichonse chimene waika ankachitseka kawiri, khutu ali tcheru. Chokhala bwino chinkangoti khu, kamodzi. Chokhala mopendama chinkalira kawiri, ndipo ankachimva ngakhale pakati pa phokoso la makina onse aja. Anzake anamupatsa dzina loti Khutu. Zaka zikupita magalimoto anayamba kulimba, akunja aja anasiya kuseka, ndipo Khutu anamusamutsira kumapeto kwa mzere wa timalole, kumene kalole sikankatuluka iye asanasaine.

Kenako kunabwera 1998, chaka chimene chuma cha dziko chinagwa chagada, amayi n'kumavula mphete zawo kupatsa boma. Kufakitale kunatuluka mndandanda wa mayina a ochotsedwa ntchito. La Sangdo linalipo, la Duman linalipo. Duman ndi ena anakhoma matenti m'kati mwa mpanda, kukana kutuluka mwezi wathunthu. Sangdo anasaina zosiya ntchito tsiku lachitatu, chifukwa kapitawo anamugwira paphewa n'kumuuza kuti, "Iwe n'zakanthawi chabe. Zikangoyamba kuyenda, woyamba kuitanidwa ndiwe." Jekete ya kampani anaisita n'kuikoleka kuseri kwa chitseko. Foni sinalire.

Ndi ndalama zimene anamutsanzika nazo anagula kalole kabuluu, ka gulu lomaliza lomwe anasainira yekha. Mkazi wake Malsuk, mwana wa mlimi wa maapozi wa kumapiri a Cheongsong, ndiye anaganiza za malonda: usipa wouma ndi ndere zodya za m'nyanja, kupikula padoko, kukagulitsa m'misika ya kumtunda imene imakumana kamodzi pa masiku asanu. Lero Yeongcheon, mawa Andong, mkuja kwina. Sangdo pakamwa panali polemera, sankatha kuitanira malonda, choncho Malsuk anajambula mawu ake pakaseti, n'kumangirira chinkuzamawu padenga. "Usipa wafika, usipa! Wa msuzi, wokazinga, bwerani mulawe!" Mwana wawo Eunju ankabisala kuseri kwa mpanda wa sukulu akamva mawu a mayi ake akudutsa mumsewu.

Chisanu chachiwiri cha malondawo chinali choopsa. Tsiku lina ku Andong zala za Malsuk zinang'ambika mpaka magazi kudonthera pasikelo. Anakhala pakabokosi n'kuyamba kulira, osati mokuwa, kungotulutsa misozi uku akukulunga usipa wa kasitomala. Sangdo anasowa pogwira.

"Mayi a Eunju, pirirani pang'ono. Kakafa kaloleka, ifenso tasiya. Tikupita kwanu kumapiri, tikadzale maapozi."

"Kakafa liti?"

"Magalimoto amenewa ndimawadziwa ndine. Zaka zisanu ndi ziwiri. Zikachulukitsa, khumi."

"Lumbirani."

Analumbira, pamaso pa mayi wogulitsa tsabola pambali pawo.

Zaka zisanu ndi ziwiri zinatha, kalole kali gwa. Khumi zinatha. Eunju anamaliza sukulu, n'kukwatiwa ndi munthu wofatsa wogwira ntchito mufakitale yomwe ija, koma wapakontalakiti yosainidwa chaka ndi chaka. Bambo ake a Malsuk anamwalira n'kumusiyira munda, pakuti mchimwene wake wa ku Seoul ankati fungo la manyowa limamudwalitsa mutu. Malsuk anaubwereketsa kwa woyandikana nawo, ndipo chaka chilichonse ankamuuza pafoni kuti, "Chaka chino chokha, chamawa tikubwera." Maondo ake anayamba kutupa. Kukwera mukalole ankachita kugwira chitseko ndi manja awiri, n'kudzikoka.

Kalole sikanadzisamale kokha. Lamlungu lililonse Sangdo ankakhala pansi pake ndi kansanza, kufunafuna dzimbiri ngati mayi wofuna nsabwe m'mutu mwa mwana. Oyilo ankasintha nthawi isanakwane. Kakangolira mwachilendo, ngakhale pang'ono chotani, ulendo wa kwa Duman, amene anali atatsegula kagalaja kuseri kwa siteshoni ya basi.

"Wabweranso ndi mkazi wako wamkulu?" Duman ankatero akupukuta m'manja. "Lero akudandaula chiyani?"

"Tamvera kumanzere uku. Pali kena kake."

"Palibe kanthu, Khutu iwe. Chikulira ndi msana wakowo."

Tsiku lina Malsuk anapita yekha kugalajako ndi mbale ya kimchi watsopano, kabichi wowawasa wa tsabola. Anakhala pathayala, kuwongola miyendo.

"Alamu, ndikufunseni. Mchenga wodzaza supuni imodzi, utalowa mu injini mwangozi, zingatenge masiku angati?"

Duman anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, amuna anuwo angaumve mchengawo ndisanautape n'komwe. Mukufuna andiphe?"

"Ndiye mungomuuza kuti zipangizo zake zinasiya kupezeka."

"Ndinamuuza chaka chatha. Anapita yekha kokaphwasula magalimoto ku Daegu, anabwera ndi thumba lodzaza."

Boma litalengeza kuti magalimoto akale a dizilo, otulutsa utsi wakuda, achoke pamsewu, Malsuk anagula nthiti za ng'ombe n'kuphika ngati kuli ukwati. Sanatchule chifukwa. Patatha masiku atatu Sangdo anafika madzulo kaloleko katamangidwa sefa ya utsi kunsi, chikalata chololeza chili pagalasi. Malsuk anayang'ana chikalatacho, anayang'ana mwamuna wake, n'kulowa m'nyumba. Sabata yonse anamuikira mpunga ndi madzi basi.

Anthu ankaganiza kuti Sangdo amakonda msewu. Ayi ndithu. Anali atatopa mpaka m'mafupa. M'bandakucha uliwonse, akakhala pampando wozizira uja n'kulowetsa kiyi, mumtima ankati, mwina lero. Ankapotokola. Injini inkadzuka nthawi yomweyo ngati galu womva phazi la mbuye wake, ndipo iye ankamva zinthu ziwiri pamodzi, kunyada ndi kulemera pachifuwa. Kukasiya dala kuti kafe sakanatha. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu za mufakitale, chimene anatsala nacho chogwirika ndi manja chinali chimenechi. Kumsika alimi ankagogoda bodi n'kunena kuti, "Iyi ndiye galimoto, osati mapepala akupangidwa masiku anowa," iye n'kuyankha chapansipansi kuti, "Anasainira ndine." Mawu awiri amenewo ndiwo ankamufikitsa kunyumba.

Mu 2022, akutsika phiri pafupi ndi Yeongcheon, mita yowerenga makilomita inafika pa manaini okhaokha asanu ndi limodzi, kenako yonse n'kutembenuka kukhala maziro. Miliyoni. Sangdo anaima pambali pa msewu, anayang'ana kanthawi, n'kupitiriza ulendo. Sanauze munthu. Koma Duman anaona posintha oyilo, anajambula ndi foni, n'kutumizira Eunju, Eunju n'kuika pa intaneti. Sabata isanathe, pamsika wa Andong panafika mayi wovala chikhoti choyera, nsapato zosayenera matope, akufunsa za kalole kabuluu.

"Bambo Bang? Dzina langa ndine Pyo Harin, ndachokera kulikulu la kampani." Anawerama, n'kupereka kakhadi ndi manja awiri. "Akuluakulu amva za inu. Amvanso kuti munali wathu. Akupempha kuti kaloleka mutipatse, kakakhale m'nyumba yathu yosungiramo magalimoto akale, ana asukulu azikaona. Kudzakhala mwambo. Mudzakhala mlendo wolemekezeka."

Sangdo anagwira kakhadiko ndi zala zonunkha usipa, osadziwa pokaika. Zaka makumi awiri ndi zinayi chimuchotsere ntchito. Anangoti, "Ndikaganize."

Malsuk sanafune zoganiza. Madzulo amenewo anamukhazika pansi.

"Bambo a Eunju, tiyeni timvane bwinobwino. Chinthu chikalowa m'nyumba ya zakale, chafa kapena chili moyo?"

"Injini ikadali yabwino."

"Sindinafunse za injini. Chafa kapena ayi?"

Sangdo anakanda m'mutu. "Chafa."

"Basi. Mawa muwaimbire."

Ndipo zoona, anamva ngati wina wamutula katundu. Kalole sikadzaphwasulidwa, kadzakhala pamalo owala, kopukutidwa, iye osakhala ndi mlandu. Malsuk anaimbira woyandikana nawo uja ku Cheongsong kuti chaka chamawa mundawo alima okha, ndipo ulendo uno mawu ake anali ena. Anayamba kulongedza mbale m'makatoni, akung'ung'udza nyimbo.

Tsiku la mwambo Sangdo analowetsa kaloleko pageti lomwe anatulukira ndi kachikwama m'manja. Alonda anamuchitira sawatcha. Mayi Pyo anawayendetsa iye ndi Malsuk m'fakitale asanayambe zochitika. Munali mowala ngati m'chipatala, mopanda fungo la oyilo. Pamalo pomwe iye ndi Duman ankaima panali mikono iwiri yachitsulo yachikasu, ikunyamula chitseko, kuchikoleka, kumanga, osapuma. Panalibe munthu. Kumapeto kwa mzere Sangdo anapempha kuti atsekeko chimodzi. Anatseka. Khu. Anayesa china, ndi china, mpaka zisanu. Zonse chimodzimodzi, ngati chitseko chimodzi.

"Zili bwanji, bambo?" anafunsa mayi Pyo akumwetulira.

"Zili bwino," anatero. "Palibe chokonza."

Muholo munadzaza antchito ovala yunifolomu, ndi makamera. Sangdo anamukweza pansanja, Malsuk n'kukhala kutsogolo, atavala chovala chake chapachikondwerero. Bwana wamkulu wa fakitale, munthu amene mu 1998 ayenera kuti anali pasukulu, analankhula nthawi yaitali za mmene kampani inachokera kosekedwa mpaka kufika potamandidwa dziko lonse. Anati bambo Bang ndi mwana wa m'banjamo, amene atapuma pantchito anapitiriza kukhulupirira zimene manja ake anapanga. Mawu oti atapuma aja Sangdo anawamva bwinobwino. Anapereka kiyi wa kalole kabuluu. Anthu anawomba m'manja.

Ankaganiza kuti zatha, ndipo anayamba kutsika pansanja. Mayi Pyo anamugwira pachigongono. Nyimbo inalira, amuna awiri anakoka chinsalu chachikulu pambali, ndipo panaoneka kalole katsopano koyera, koyendera magetsi. Pachitseko analembapo dzina lake ndi zilembo zagolide, kunsi kwake mawu oti Ulendo wa Miliyoni Yachiwiri.

Holo yonse inaimirira. Bwana uja anamuika kiyi m'manja, n'kumusendezera maikolofoni pakamwa.

"Bambo Bang, mutilonjeza miliyoni ina?"

Sangdo anayang'ana kutsogolo. Malsuk sanaimirire. Manja anali pamaondo, maso ali pa iye, osaphethira. Kumbuyo kwake, mzere wachitatu, mkamwini wawo ankawomba m'manja mwamphamvu kuposa onse, kapitawo wake ali pambali. Makamera anadikira. Mawu anali okonzeka pakamwa: zikomo bwana, koma ndakalamba. Anali mawu ochepa, mwana akanatha kuwanena. Koma anthu zikwi ziwiri ankaitana dzina lake m'nyumba imene anamutulutsamo.

"Ndiyesetsa, bwana," anatero, n'kuwerama.

Anamusainitsa mapepala kuseri kwa nsanja. Kaloleko kanali kake, koma osakagulitsa kapena kukapereka kwa wina zaka zisanu, ndipo miyezi itatu iliyonse adzabwera kudzajambula.

Pobwerera kunyumba munalibe phokoso la injini loti munthu n'kubisalamo. Ankamva kupuma kwa mkazi wake. Atadutsa maloboti atatu, Sangdo anayamba.

"Tanenani, ndikumva."

"Ndinene chiyani? Mwanena kale inu, dziko lonse lamva."

"Mukanakhala inu mukanatani? Pamaso pa anthu onse aja? Nanga mwamuna wa Eunju, kontalakiti yake ikutha mwezi wamawa, ine ndiwachititse manyazi mabwana ake?"

"Musabisale kumbuyo kwa mwana wa eni ake. Simunamuone n'komwe pamene mumawerama." Mawu a Malsuk sanakwere. "Anakutayani ngati chigamba cha oyilo. Zaka zonsezi ngakhale kalendala sanakutumizireni. Lero akukolekani goli lopaka utoto woyera, inu mukuti zikomo. Ine ndinadikira chitsulo kuti chife, bambo a Eunju. Ndinali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri. Taonani miyendo yangayi."

Sangdo sanayang'ane. Anagwira chiwongolero ndi manja awiri.

Makatoni aja Malsuk sanamasule. Chisanu chitatha, mitengo itayamba kuphukira, anakwera basi ya ku Cheongsong yekha. Sanakangane. Anamusiyira kimchi wokwana miyezi iwiri, ndi pepala pafiriji lonena za mankhwala ake a magazi.

Sangdo anabwerera m'misika. Kaseti ija inapita pamodzi ndi kalole kabuluu, ndipo Eunju anamuuza kuti kunyumba ya zakale kuja anaikako batani, ana akadina mawu a mayi ake amaitanira usipa m'holo yonse. Iye ankangoima pambali pa katundu wake, kudikira amene akumudziwa. Chithunzi chake chinali pazikwangwani za m'misewu, akumwetulira kumwetulira kumene sankakukumbukira. Alimi ankamuzungulira.

"A miliyoni afika! Lero mwafika pati, akulu?"

"Mudzamaliza muli ndi zaka zingati, makumi asanu ndi anayi?"

Ankaseka nawo. Kalole katsopano sikankafuna chilichonse kwa iye. Kanalibe oyilo woti asinthe, kanalibe kulira koti amvetsere. Lamlungu ankadzuka, kutenga kansanza, n'kusowa pokagwiritsa. Batire likatsika ankaima pamalo otchajira m'mbali mwa msewu waukulu, ola lathunthu, atakhala m'kati ngati nkhuku m'chitatanga, akuyang'ana nambala zikukwera pagalasi. Kwa Duman ankapitabe, koma kukangokhala.

"Ndiye uzingokaimika pakhomo," Duman anamuuza tsiku lina. "Adzakumanga ndani?"

"Mayi uja amaimba. Amafunsa kuti tafika makilomita angati."

"Umuuze kuti ziro."

"Ndinalonjeza pamaso pa anthu."

"Nanga alamu unawalonjeza pamaso pa mbuzi?"

Masamba atayamba kufiira m'mapiri, Malsuk anaimba foni. Sanafunse za moyo. Anati maapozi apsa, anthu aganyu akusowa, ngati ali ndi manja abwere. Sangdo ananyamuka tsiku lomwelo, kusiya msika wa Yeongcheon koyamba chiyambire.

Anamupeza atada ndi dzuwa, akuyenda ndi ndodo pakati pa mitengo, koma nkhope ili yosalala ngati ya mtsikana. Masiku asanu ndi limodzi anathyola maapozi, iye pamakwerero, mkazi wake pansi akusankha. Madzulo ankadya pakhonde, mpunga ndi masamba a m'phiri, ndipo Sangdo ankagona tulo tosalota. Foni ya mayi Pyo inalira kawiri, sanayankhe. Anayamba kuona pomwe denga la nkhokwe likudontha, ndi mmene angalikonzere chisanu chisanafike.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri kunabwera wopikula, bambo wamimba yaikulu ndi lole yake. Anazungulira makatoni, anatola apozi limodzi, analitembenuza, n'kulibwezera. Anati chaka chino maapozi achuluka paliponse, awa ndi aang'ono, ena ali ndi timadontho. Anatchula mtengo. Malsuk anamufunsa kuti abwereze. Anabwereza.

"Chaka chathunthu ndakwawa m'munda muno ndi maondo awa," anatero Malsuk, "kuti inu mudzatole ngati zinyalala?"

"Mayi, mukakana awolera pompano. Mupita nawo kuti?"

Malsuk anatembenuka. Kaloleko kanali pansi pa mtengo, koyera, dzina lagolide likung'anima. Anakayang'ana nthawi yaitali ngati munthu woyang'ana mankhwala owawa.

"Bambo a Eunju, mawa msika uli kuti?"

"Ku Andong."

"Pakirani."

Ananyamuka kusanache bwino, nkhungu ili m'zigwa. Sangdo anamuikira kabokosi kopondapo, n'kumukankha kumsana kuti akwere. Ku Andong amayi akale aja anamulandira ndi mfuu, kumukumbatira, kumufunsa kumene anathawira. Anthu anabwera kudzaona kalole ka pachikwangwani, n'kumachoka ndi matumba a maapozi. Dzuwa lisanafike pamutu, kumbuyo kunali makatoni opanda kanthu.

Pobwerera Malsuk anafunda kabulangete pamaondo, akusisita. Msewu unkakwera phiri mokhotakhota. Munkhokwe munatsala makatoni oposa mazana atatu, ndipo woyandikana nawo uja anali atafunsa kale dzulo lake ngati angawatengereko ake.

"Batire lifika?" anafunsa Malsuk.

"Lifika. Koma mawa tidzaima panjira, Yeongcheon ndi kutali."

"Ndiye tidzuke folo koloko."

"Folo," anavomera Sangdo, n'kuchepetsa liwiro pokhota.